MAU A CINGELEZI AKUTI "BY ACCIDENT"

Zinthu zimene anthu timacita tsiku ndi tsiku ziri za mitundu iwiri. Zina timazicita titayamba taganiza ndi kufuna mu mtima. Zina zimangocitika zokha, ife osafuna. Mtsikana akatenga mtsuko napita ku citsime, wacita cimene anafuna. Koma akapunthwa pa muzu pobwerera, mtsuko nugwa ndi kusweka, palibe amene anganene kuti mtsikanayo anafuna kuuswa. M'Cinyanja timati waswa mtsuko mwangozi, kapena mosafuna. Angelezi naonso ali ndi mau ao onenera cinthu cotere, ndiwo akuti "by accident".

Ana inu, mauwa ndi awiri okha, koma nchito yake ndi yaikulu. Mu Zambia Cingelezi ndico cilankhulo ca boma, cimene cimamveka m'maofesi, m'zipatala ndi m'mabwalo a milandu. Tsiku lina mudzaima pamaso pa mkulu wa sukulu, kapena wapolisi, kapena amene anakulembani nchito, ndipo adzakufunsani m'Cingelezi kuti mufotokoze cimene cacitika. Pa tsiku limenelo, munthu wodziwa mauwa adzanena zoona zake momveka, koma wosawadziwa akhoza kudzipalamulira mlandu ndi pakamwa pake pomwe.

Tanthauzo Lake

Mau akuti "by accident" amatiuza kuti cinthu cinacitika popanda munthu kucikonzeratu kapena kucifuna. Taonani ziganizo izi pamodzi ndi tanthauzo lake:

"I broke the cup by accident." Ndinaswa kapu mwangozi.

"She stepped on my foot by accident." Anandiponda phazi mosafuna.

"The boy tore his shirt by accident." Mnyamatayo anang'amba malaya ake mwangozi.

M'ziganizo zonse zitatu muli munthu amene wacita kanthu. Kapu yasweka ndithu, phazi lapondedwa, malaya ang'ambika. Mau athuwa sakana zimenezo ai. Cimene akana ndi cimodzi cokha, ndico cakuti munthuyo anafuna. Wonena kuti "I broke the cup by accident" wabvomera kuti dzanja lake ndilo linaswa, koma akuti mtima wake sunali pomwepo.

Kumene Mauwa Anacokera

Liu lakuti "accident" linalowa m'Cingelezi zaka zoposa 600 zapitazo, kudzera m'Cifalansa, koma gwero lake leni-leni ndi Cilatini, cilankhulo ca Aroma akale. M'Cilatini "cadere" ndiko kugwa, ndipo "accidere" ndiko kugwera munthu. Tsono "accident" poyamba linali kutanthauza cinthu cimene cagwera munthu.

Kodi simuona kuti makolo athu anaganiza cimodzi-modzi? Ifenso timati, "Tsoka lamugwera," kapena "Zandigwera," monga ngati cinthuco catsika kumwamba ngati nthambi youma, munthu ali kudziyendera m'njira. Aroma ndi Acewa sanaphunzitsane mau amenewa, koma onse anaona kuti cinthu cosayembekezeka cimafika ngati cogwa. Ndico cifukwa cake akulu amati, "Cakudza siciimba ng'oma," ndiponso, "Tsoka silinunkha."

Malamulo Atatu a Kanenedwe

Lamulo loyamba ndi lakuti mauwa amakonda kukhala kumapeto, pambuyo pa mneni ndi cinthu cimene cacitidwa. Timati "He dropped the eggs by accident." Sitinena kuti "He by accident dropped the eggs," pakuti m'makutu a Mngelezi zimenezo zimveka zopotoka. Ngati mufuna kuika tanthauzo lomwelo patsogolo pa mneni, pali liu lina limodzi, lakuti "accidentally". Motero munganene kuti "He accidentally dropped the eggs," ndipo tanthauzo silisintha. Polemba liu limeneli cenjerani: liri ndi "c" awiri kumayambiriro ndi "l" awiri kumapeto, ndipo pakati pa "t" ndi "l" pali "a" amene ana ambiri amamuiwala cifukwa samveka bwino polankhula.

Lamulo laciwiri ndi lakuti pakati pa "by" ndi "accident" sitiikapo "an". Ana ena, pokumbukira kuti anaphunzira kunena "an egg" ndi "an orange", amanena kuti "I did it by an accident." Kumeneko ndi kulakwa. Kawiri-kawiri mau awiriwa amayenda okha, mogwirana, ngati ng'ombe ziwiri za pa goli limodzi.

Lamulo lacitatu ndi lakuti tisiyanitse "by accident" ndi "an accident". Tikati "an accident" tanena dzina la cinthu coopsa cimene cacitika, ndiyo ngozi, monga kugundana kwa magalimoto kapena kugwa kwa munthu mu mtengo. "There was an accident on the Great East Road" ndiko kuti panacitika ngozi pa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata. "My brother had an accident" ndiko kuti mbale wanga anacita ngozi. Koma "by accident" satiuza cimene cinacitika. Atiuza m'mene cinacitikira. Pali kanenedwe kenanso kothandiza kwambiri, kakuti "It was an accident." Mwana amene wagwetsa mnzake pothamanga anganene mau amenewa, ndipo onse adzamva kuti akuti, "Sindinacite dala."

Mau Otsutsana Nao

Monga usiku utsutsana ndi usana, "by accident" atsutsana ndi "on purpose", ndiko kuti dala kapena mwadala.

"He hit the dog on purpose." Anamenya galu dala.

"He hit the dog by accident." Anamenya galu mosafuna.

Galu ndi mmodzi, kupweteka kwake ndi kumodzi, koma anthu awiriwa ndi osiyana kwambiri. Woyamba ndi wankhanza. Waciwiri ndi watsoka cabe.

Apa pali mbuna imene ambiri amagwamo. Timau tating'ono tiwiri ta patsogolo, "by" ndi "on", sitisinthana malo. Timati "by accident" koma "on purpose". Sitinena "by purpose". Ku America kuli anthu ambiri, maka-maka acinyamata, amene amanena "on accident" polankhula, potsanzira "on purpose", ndipo mwina mudzawamva pa wailesi kapena m'mafilimu. Koma m'mabuku, m'manyuzipepala ndi pa mayeso, kanenedwe kobvomerezeka ndi "by accident", ndipo ndi kameneka kamene muyenera kulemba. Palibe lamulo lofotokoza cifukwa cimene liu lina linatenga "by", linzake nkutenga "on". Ndi cizolowezi ca eni ake cilankhulo, ndipo ife tingoloweza pamtima monga ciri.

Abale Ake Awiri

Pali mau enanso awiri ofanana ndi "by accident", amene tingawache abale ake: "by mistake" ndi "by chance". Onse atatu amayamba ndi "by", ndipo onse amanena za cinthu cimene munthu sanacikonzere. Nthawi zina Angelezi amawasinthanitsa popanda bvuto, komabe liri lonse liri ndi malo ake amene likhala bwino koposa.

"By mistake" ndiko kuti molakwitsa. Timanena motero pamene munthu anafuna ndithu kucita kanthu, koma anasokoneza cinthu cina ndi cinzake. Mai wofuna kuthira shuga m'tiyi akathira mcere, dzanja lake silinaterereke ai. Linacita cimene iye analituma, koma maso ndi maganizo ndizo zinanyengeka. Pamenepo timati, "She put salt in the tea by mistake." Momwemonso mwana amene watenga buku la mnzake poyesa kuti ndi lake anganene kuti, "I took your book by mistake." Koma akagwetsa bukulo m'matope cifukwa wina wamgunda, adzati, "I dropped your book by accident." Kunena mwacidule, pa "by mistake" calakwa ndi kuganiza, pamene pa "by accident" kawiri-kawiri munthu sanaganize konse zocita cinthuco.

"By chance" ndiko kuti mwamwai, kapena mosayembekezera. Mauwa timawagwiritsa nchito maka-maka ponena za kukumana ndi munthu kapena kupeza kanthu, pamene palibe cimene caonongeka. "I met my uncle in Katete by chance" ndiko kuti ndinangokumana ndi amalume ku Katete osapangana. Liu lakuti "chance" nalonso linacokera ku "cadere" yemwe uja wa m'Cilatini. Tsono tsoka limagwa, mwai naonso umagwa.

Si Zonse Zamwangozi Ziri Zoipa

M'Cinyanja tikamva liu lakuti ngozi, mtima umagunda, pakuti timaganiza za kupweteka ndi imfa. Koma m'Cingelezi "by accident" anenanso za zinthu zabwino zimene munthu wazipeza osazifuna. Mungathe kunena kuti, "I found the lost key by accident," ndiko kuti munangoona kiyi yotayika ija pamene munali kucita zina. Nazi nkhani zitatu zoona zimene Angelezi akamazisimba amagwiritsa nchito mau amenewa.

Yoyamba ndi ya ku Luanshya. Anthu a dziko lino anali kukumba ndi kusungunula mkuwa kale-kale Azungu asanafike. M'caka ca 1902 Mzungu wina wofuna-funa miyala ya mtengo wapatali, dzina lake William Collier, anali kuyenda m'mbali mwa mtsinje wa Luanshya. Mbiri imanena kuti anaombera cilembwe, ndipo pamene anafika pamene nyamayo inagwera, anaona kuti thanthwe la pamenepo liri ndi maanga obiriwira, amene ali cizindikiro ca mkuwa. Mgodi umene unatsegulidwa pamalopo pambuyo pake unachedwa Roan Antelope, ndilo dzina la cilembwe m'Cingelezi. Taonani m'mene mau athu agwirira nchito m'nkhaniyi. Collier anaombera nyama "on purpose", koma thanthwe lija analipeza "by accident".

Yaciwiri ndi ya ku Kabwe, mzinda umene kale unali kuchedwa Broken Hill. M'caka ca 1921 anthu ogwira nchito mu mgodi wa kumeneko anali kukumba miyala ya mtobvu ndi zinki. Pokumba anafika pa phanga lakale, napezamo cigaza ca munthu. Iwo sanapite pansi kukafuna mafupa ai. Koma cigazaco cinadziwika pa dziko lonse, pakuti cinali ca mtundu wa anthu amene anakhalako kale kwambiri. M'caka ca 2020 akatswiri atacipimanso anapeza kuti ciri ndi zaka pafupi-fupi 300,000. Cigazaco cinatengedwa kupita ku London, ku nyumba yosungiramo zinthu zacilengedwe yochedwa Natural History Museum. M'Cingelezi tingati, "The miners found the skull by accident."

Yacitatu ndi ya mankhwala amene apulumutsa anthu osawerengeka. Alexander Fleming anali dokotala wa ku Scotland amene anali kugwira nchito pa cipatala ca St Mary's mu London. Iye anali kuweta tizirombo toyambitsa matenda m'timbale tagalasi kuti atiphunzire. M'caka ca 1928 anapita ku chuthi nasiya timbale tina pa tebulo. Pobwerako anapeza kuti m'kambale kamodzi mwamera nkhungu, yonga imene imamera pa buledi wokhalitsa. Munthu wina akadangotsuka kambaleko ndi kudandaula kuti nchito yake yaonongeka. Koma Fleming anayang'anitsitsa, naona kuti kuzungulira nkhungu ija tizirombo tonse tafa. Anazindikira kuti nkhunguyo itulutsa madzi akupha tizirombo, ndipo anawacha penisilini. Patapita zaka zoposa khumi, Howard Florey ndi Ernst Chain, pamodzi ndi anzao a ku Oxford, anapeza njira yosandutsira penisilini kukhala mankhwala opatsa odwala. M'caka ca 1945 anthu atatuwa analandira mphotho ya Nobel.

Nkhungu inagwera m'kambale "by accident". Koma kuyang'anitsitsa kwa Fleming, ndi zaka zimene Florey ndi Chain anatha ali kuyesa-yesa, zonsezo zinacitika "on purpose". Cinthu cogwa mwamwai cimapindulira munthu amene maso ake ali otseguka, monga akulu anena kuti, "Kuona maso a nkhono nkudekha."

Mauwa pa Mlandu

Tsopano tifike pa cinthu cacikulu koposa. Pa bwalo la mfumu, munthu akaononga ca mnzake, akulu safunsa za cinthu coonongekaco cokha. Amafunsanso kuti, "Kodi unacita dala?" Tiyerekeze kuti nkhokwe ya munthu yapsa. Ngati wina anaitentha usiku cifukwa ca cidani, mlandu wake ndi woopsa. Koma ngati anali kutentha zinyalala m'munda mwake, atalambula bwino m'mphepete, ndipo kabvumvulu anabwera mwadzidzidzi nanyamula moto, akulu adzaweruza mwa mtundu wina, ngakhale cimanga copsa ndi comweco.

Malamulo a boma naonso amasiyanitsa motero. M'buku la malamulo a milandu la dziko la Zambia, lochedwa Penal Code, muli ndime imene iri ndi mau omwewa akuti "by accident", yonena kuti munthu sapatsidwa cilango cifukwa ca cinthu cimene cacitika mwangozi. Koma ndime yomweyo ipatulako milandu ya kusasamala. Apa ndi pofunika kuchera khutu.

Pakati pa dala ndi ngozi pali cinthu cacitatu, ndico kusasamala, cimene Angelezi amati "carelessness". Mnyamata aponya miyala mu mtengo wa mango umene uli pa njira yodutsa anthu, ndipo mwala ugwera mwana pamutu. Mnyamatayo adzalira kuti, "I did it by accident!" Zoonadi sanafune kulasa mwanayo. Koma kodi sanadziwe kuti mwala woponyedwa kumwamba umabwerera pansi? Kodi sanaone kuti pa njirapo padutsa anthu? Mphunzitsi adzamuyankha kuti, "You were careless," ndiko kuti sunasamale. Cimodzi-modzi munthu uja wotentha zinyalala: akadayatsa moto masana a mwezi wa October, mphepo iri kuomba, osalambula m'mphepete, sakadatha kubisala kumbuyo kwa kabvumvulu. Ngozi yeni-yeni ndi imene munthu wanzeru sakadatha kuiona iri kudza.

Ciyeso cacikulu kwa mwana ndi kunena "by accident" pa cinthu cimene wacita dala, kuti apulumuke cilango. Limeneli ndi bodza, ngakhale lanenedwa m'Cingelezi cokoma. Ndipo liri ndi mphotho yake yowawa: mwana amene anena mauwa monama kawiri kapena katatu, pa tsiku limene ngozi yoona idzamugwera palibe amene adzamkhulupirira.

Komanso ngakhale ngoziyo ikhale yoona, mauwa samaliza nkhani. Madzi akatayika saoleka. Kapu yosweka sibwerera cifukwa mwini wake wamva kuti munaiswa mosafuna. Cifukwa cake munthu waulemu sayamba ndi kudziteteza. Amayamba ndi kupepesa, kenaka afotokoza, ndipo potsiriza anena cimene adzacita kuti akonze. Mwana amene waswa zenera la kalasi ndi mpira apite yekha kwa mphunzitsi asanaitanidwe, nanene kuti, "I am sorry, sir. I broke the window by accident. I shall tell my father today." Ndiko kuti, "Pepani aphunzitsi, ndaswa zenera mwangozi. Ndikawauza atate lero lomwe." Mwana wotere angathe kulipitsidwa galasi, koma aphunzitsi ndi anzake adzapitiriza kukhulupirira mau ake.

Mafunso

1. Kodi mau akuti "by accident" atanthauzanji m'Cinyanja? Perekani matanthauzo awiri.

2. Liu lakuti "accident" linacokera ku cilankhulo citi? Nanga lifanana bwanji ndi mau athu akuti "zandigwera"?

3. Fotokozani kusiyana kwa "by accident" ndi "by mistake", ndipo perekani citsanzo canu-canu pa ciri conse.

4. Kodi anthu a mu mgodi wa ku Kabwe anali kufuna ciani pamene anapeza cigaza? Cinali caka citi?

5. M'nkhani ya penisilini, chulani cinthu cimodzi cimene cinacitika mwangozi ndi cina cimene cinacitika dala.

6. Mbusa agona tulo masana, ndipo ng'ombe zilowa m'munda wa mwini. Kodi imeneyi ndi ngozi kapena kusasamala? Nenani cifukwa cake.

Nchito Yolemba

Lembani ziganizo izi m'makope mwanu, ndipo pa mpata uli wonse muikepo mau oyenera mwa awa: "by accident", "by mistake", "by chance", "on purpose".

(a) The girl fell and broke the pot ........

(b) I wrote my name in your book ........

(c) He was angry, so he kicked the door ........

(d) We met our old teacher at the market ........

Konzani ziganizo izi zimene zalembedwa molakwika:

(e) She cut her finger on accident.

(f) They did it by purpose.

(g) I lost the money by an accident.

Potsiriza, lembani kalata yaifupi ya m'Cingelezi kwa mnansi wanu, yopepesa kuti mbuzi yanu yadula cingwe usiku ndi kudya ndiwo za m'dimba mwake. Kumbukirani zinthu zitatu zija: kupepesa, kufotokoza, ndi kunena cimene mudzacita.